Makapu a mkuwa ndi a chitsulo ochokera ku India: mmene tinayambira

Bizinesi yathu inayambira pa matenda, kutali ndi kwathu. Mayi anga atauzidwa kuti akufunika opaleshoni yomwe sikanatheka kuno, ine ndi amene ndinawaperekeza ku Chennai, likulu la chigawo cha Tamil Nadu kummwera kwa India, ndipo tinakhalako milungu ingapo. Munthu wodwazika amakhala ndi nthawi yambiri yongoyang'ana zinthu. Mmawa uliwonse ndinkapita pa kamalo kodyera kapafupi ndi chipatala, pomwe khofi wamkaka ankabwera m'katambula kachitsulo kokhazikidwa m'kambale kakuya kamilomo yotambalala, kamene eni ake amakatcha dabara. Anthu ankatsanulira khofiyo m'kambale, kenako n'kumubwezera m'katambula, kangapo konse, mpaka atazizira pang'ono ndi kuchita thovu. Madzi akumwa nawo ankabwera m'matambula achitsulo, ndipo ambiri ankamwa mokweza tambula m'mwamba, madzi n'kumagwera m'kamwa popanda mlomo kukhudza chitsulo, zomwe zimatheka bwino chifukwa mlomo wa tambulayo ndi wopindikira kunja. Pa milungu yonseyo ndinaona matambula akugwa pansi kambirimbiri, koma sindinaone ngakhale limodzi likusweka.

Maganizo anga anapita kunyumba, komwe matambula agalasi tinkawabisa m'kabati poopa ana, ndi ku maliro ndi maukwati, komwe amayi timabwerekana makapu apulasitiki amene amabwerera atang'aluka kapena atatenga fungo la sopo. Mayi atachira, ndalama zochepa zomwe zinatsala ndinagulira matambula achitsulo ndi makapu awiri a mkuwa. Sipanathe mwezi amayi anzanga a kumpingo anali atagula matambula onse, ena akufunsa kuti ena abwera liti. Apo ndi pamene ine ndi bambo akunyumba tinagwirizana zotenga ngongole ku banki m'khonde kuti ukhale mpamba, ndipo tinayamba kugulitsira pakhonde la nyumba yathu ku Blantyre tisanapeze kachipinda ku Limbe.

Katundu woyamba amene tinaitanitsa anatiphunzitsa mowawa. Matambula anafika owala bwino, mtengo wake wotsika, ndipo anayenda malonda msanga, koma patapita miyezi yochepa ogula anayamba kubwera nawo atatuluka timadontho ta dzimbiri pansi ndi m'mphepete. Tinabweza ndalama kwa aliyense amene anabwera, ngakhale kuti theka la mpamba linathera pomwepo. Amene anatitsegula maso ndi bambo wina wachikulire wachimwenye, yemwe banja lake lagulitsa ziwiya ku Limbe kwa zaka zambiri. Anatenga tambula limodzi, n'kuliyang'ana pansi, ndipo anandifunsa kuti, "Mayi, amene anakugulitsaniwo anakuuzani nambala ya chitsulochi?" Ine sindinkadziwa n'komwe kuti chitsulo chili ndi nambala.

Chitsulo chosachita dzimbiri, chomwe Harry Brearley anachipanga ku Sheffield m'chaka cha 1913, chimatetezedwa ndi chromium, mtundu wina wa chitsulo wosakanizidwamo, amene amapanga kachikopa kosaoneka ndi maso pamwamba pake. Mtundu wodalirika pa ziwiya za chakudya ndi wa nambala 304, womwe uli ndi magawo pafupifupi 18 pa 100 a chromium ndi 8 a nickel, n'chifukwa chake ena amangolemba 18/8. Nickel ndi wokwera mtengo, choncho pali mitundu ina, monga 202, momwe amachepetsa nickel n'kuwonjezera manganese. Pa shelefu mitundu iwiriyi siisiyana, koma wachiwiriwo supirira kwenikweni mchere ndi chinyontho chokhalitsa. Anthu ambiri amakhulupirira kuti maginito amaulula zonse, koma pa mitundu iwiriyi sathandiza, chifukwa yonse siikakamira maginito mwamphamvu. Kuyambira nthawi imeneyo sitilipira katundu popanda kalata yosonyeza mtundu wa chitsulo, ndipo timayamba taitanitsa zitsanzo zochepa n'kuzigwiritsa ntchito kunyumba kwathu, m'manja mwa ana athu omwe, tisanazionetse kwa wogula.

Pa mkuwa maginito amathandiza ndithu. Mkuwa weniweni sukakamira, choncho kapu yofiira bwino imene yakoka maginito ndi chitsulo wamba chongopakidwa mkuwa pamwamba.

Pofunafuna opanga odalirika ndinaphunzira kuti ntchitoyi ili ndi kwawo. Moradabad, ku Uttar Pradesh, amadziwika ngati mzinda wa bulasi, womwe ndi mkuwa wosakaniza ndi zinki, ndipo katundu wambiri wa mkuwa wopita kunja amachokera kumeneko. Jagadhri, ku Haryana, ndi kwa mafakitale a ziwiya zachitsulo. Ku Pune kuli dera lotchedwa Tambat Ali, komwe mabanja a amisiri a mkuwa akhala akusula kwa mibadwo yambiri, pomwe ku Jandiala Guru, m'chigawo cha Punjab, kuli amisiri otchedwa Thathera, amene luso lawo bungwe la UNESCO linaliika m'kaundula wa chikhalidwe choyenera kusungidwa m'chaka cha 2014. Timaenje tosalala tosiyidwa ndi nyundo timene timaoneka pa kapu ya mkuwa ogula ambiri amayesa zokongoletsera chabe, chonsecho mkuwa ndi wofewa, ndipo kuumenya ndi nyundo kumaulimbitsa kuti kapu isaphwanyike msanga. Nthawi zina ogula amafunsa chifukwa chake tikukatenga makapu ku India pomwe mkuwa ukukumbidwa pafupi pompa ku Zambia, cha ku Kitwe ndi Chingola. Funsoli limandikhudza, chifukwa mkuwa wa anzathuwo wambiri umatuluka m'dziko usanasanduke chiwiya, ndipo chimene ife timalipira ku India makamaka ndi manja a mmisiri.

Chimene chinaumba bizinesi yathu kuposa zonse chinachitika ndi kapu imodzi ya mkuwa. Mayi wina anagulira apongozi ake kapu ngati mphatso, ndipo agogowo, poikonda, anathiramo thobwa madzulo n'kulisiya kuti amwe mmawa. Kutacha anamwako pang'ono, anamva kukoma kwa chitsulo m'kamwa, kenako mseru, ndipo m'kati mwa kapu munali mutayamba kubiriwira. Mwamwayi sanadwale kwambiri, koma mayiyo atabwera kudzatiuza ndinadziwa kuti kulakwa kunali kwathu, chifukwa tinagulitsa chinthu popanda kufotokoza ntchito yake. Ku India mwana amakula akudziwa kuti m'chiwiya cha mkuwa wosakutidwa mumalowa madzi okha, ndipo ziwiya zophikira amazikuta m'kati ndi tini, ntchito imene amaitcha kalai. Chakumwa chowawasa chimasungunula mkuwa, ndipo mkuwa ukachuluka m'thupi umayambitsa mseru, kusanza ndi kupweteka m'mimba. Tsono zakumwa zomwe timazikonda kwathu kuno zambiri n'zowawasa: thobwa logona, maheu, chambiko, madzi a malambe, a bwemba, a mandimu, ngakhale zakumwa za m'botolo. Lero palibe kapu ya mkuwa imene imatuluka m'sitolo yathu popanda kapepala ka m'Chichewa konena zimenezi, ndipo mtsikana amene amatithandiza amadziwa kuti ayenera kufotokozanso pakamwa ngakhale wogula akhale pa changu chotani. Wofuna kapu yofiira yomwera chilichonse timamupatsa ya zipupa ziwiri, mkuwa kunja, chitsulo m'kati, ndipo imeneyi ndi imene imagulidwa kwambiri pa mphatso za ukwati ndi chinkhoswe.

Mayesero aakulu anabwera ndi mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023. Uthenga unkazungulira pa WhatsApp wonena kuti mkuwa umapha tizilombo, ndipo anthu ankafika pasitolo akufuna makapu a banja lonse. Mawuwo ali ndi poyambira. Mwambo wa mankhwala achikhalidwe a ku India wotchedwa Ayurveda umalimbikitsa kumwa madzi ogona m'chiwiya cha mkuwa, ndipo kafukufuku wina wa ku India yemwe anafalitsidwa m'chaka cha 2012 anapeza kuti tizilombo totsegula m'mimba, kuphatikizapo ta kolera, sitinapezekenso m'madzi amene anakhala m'mitsuko ya mkuwa kwa maola 16. Koma maola 16 mu mtsuko wa ofufuza si chimodzimodzi ndi kutunga madzi a pachitsime, kuthira m'kapu n'kumwa nthawi yomweyo. Tinkauza aliyense kuti apitirize kuwiritsa madzi kapena kuthiramo kolorini monga a zaumoyo ankalangizira, komanso kuti kapu yathu si mankhwala a kolera, a shuga kapena a kuthamanga kwa magazi. Ena anabwerera osagula, ndipo m'miyezi imeneyo tikanapeza phindu loposa chaka chonse, koma sindikanatha kugona podziwa kuti pali mwana amene akumwa madzi oipa chifukwa mayi ake anakhulupirira mawu anga. Ngakhale amene amakonda madzi ogona mu mkuwa timawauza kuti asapitirire muyezo, pakuti bungwe la WHO limaika malire a mamiligalamu 2 a mkuwa pa lita imodzi ya madzi akumwa.

Kasamalidwe kake n'kosavuta. Mkuwa umada ukakhala pa mpweya, ndipo kudako si kuwonongeka. Chidutswa cha ndimu ndi mchere pang'ono, kapena bwemba wonyika, zomwe anzathu a ku India amagwiritsanso ntchito, zimabwezeretsa kuwala m'kanthawi kochepa, bola kutsukuluza bwino ndi kupukuta mpaka iume. Mchenga ndi waya wokwechera mapoto zimakanda mkuwa ndi chitsulo chomwe.

Chovuta chathu lero si ogula ayi, koma njira ndi ndalama zakunja. Katundu amakwera sitima pa doko la Nhava Sheva pafupi ndi Mumbai, n'kutsikira ku Beira, kenako amabwera pa galimoto kudzera ku Tete ndi pa chipata cha Mwanza. Ife sitingadzaze kontena tokha, choncho timasonkherana malo ndi amalonda ena, ndipo wina akachedwa tonse timadikira. Kwacha itagwa ndi magawo 25 pa 100 mu Meyi 2022, kenako ndi 44 mu Novembala 2023, ndalama zomwe tinkaodera makatoni khumi zinayamba kukwanira ochepa, ndipo tinasiya kuitanitsa mitsuko ikuluikulu ya mkuwa kuti mpamba ukhale pa matambula achitsulo, amene sukulu za mkaka, malo odyera ndi magulu a amayi a kumipingo amagula ochuluka nthawi imodzi.

Timatambula ta dabara, timene tinayambitsa zonsezi, sitiyenda malonda kwenikweni, chifukwa kwathu kuno timamwa tiyi m'kapu yaikulu ya chogwirira. Timaitanitsabe tochepa chaka chilichonse. Mayi anga ali ndi kawo kamene anabwera nako ku Chennai, ndipo akabwera kusitolo Loweruka amakhala pampando wa pakhomo n'kumaonetsa ogula mmene amatsanulira tiyi kuchoka m'katambula kupita m'kambale osataya ngakhale dontho.