Nkhodolero ya m'dzina la Ng'oma inandidyera sabata yathunthu

Lolemba m'mawa, ndisanakhale n'komwe pampando, mayi amene amalembetsa mamembala atsopano ku bungwe lathu losunga ndi kubwereketsa ndalama anandiuza kuti kompyuta ikukana munthu wina. Akalemba dzina lakuti Ng'oma, pulogalamu inkabweza uthenga wakuti chiganizo cha SQL (chilankhulo chimene pulogalamu imalamulira nacho database, nkhokwe yosungiramo zambiri za mamembala) ndi cholakwika, pamene mayina ena onse ankalowa bwinobwino. Gwero la vutoli silinavute kulipeza. Mu SQL, nkhodolero ndiyo imasonyeza poyambira ndi pothera mawu, choncho database ikafika pa nkhodolero ya m'dzinali imayesa kuti dzina lathera pa Ng, ndipo zilembo zotsalazo imaziwerenga ngati lamulo.

Mnzanga wina anati tizingochotsa nkhodolero zonse dzina lisanasungidwe. Ndinakana, chifukwa m'Chichewa ng' ndi liwu lapalokha, losiyana ndi ng, ndipo Ng'oma ndi Ngoma ndi anthu awiri osiyana. Tikanatero, mayina a a Ng'ambi ndi a Mang'anda akanasemphana ndi zimene zinalembedwa pa ziphaso zawo za unzika, ndipo tsiku lotenga ngongole akanavutika ndi iwo, osati ife. Chimene chinandidetsa nkhawa kwambiri n'chakuti khomo limene nkhodolero yosalakwayi inadutsira ndi lomwelo limene akuba amalowera pa chinyengo cha SQL injection, pamene munthu amalemba lamulo lake m'bokosi la dzina n'kuwerenga kapena kufufuta zinthu zosamukhudza.

Kulemba nkhodolero ziwiri motsatizana kumathetsa vutoli pamalo amodzi, koma pulogalamu yathu inali ndi malo ambiri amene amamata mawu a wolemba ku chiganizo cha SQL, ndipo kuiwala amodzi okha n'kokwanira kutibwezera pomwe tinayambira. Choncho Lachiwiri ndi Lachitatu ndinakhalira kulembanso malo onsewo pogwiritsa ntchito ma prepared statement a PDO (chida cholumikizira database mu PHP, chilankhulo cholembera mapulogalamu), amene amatumiza lamulo palokha ndi dzina palokha, moti database siingasokoneze ziwirizi.

Ndinkayesa kuti ndamaliza, koma Lachinayi bokosi lofufuzira mamembala linandichititsa manyazi. Pofufuza ndi LIKE, lamulo la SQL lofufuzira mawu ofanana, chizindikiro cha % chimaimira zilembo zilizonse ndipo _ chimaimira chilembo chimodzi chilichonse, ndipo prepared statement siisintha zimenezi. Popeza manambala a akaunti zathu zakale ali ndi _ pakati, kufufuza akaunti imodzi kunkabweretsanso za eni ake ena, mpaka nditaphimba zizindikirozo ndi ESCAPE, lamulo louza database kuti iziziwerenga ngati zizindikiro wamba. Madzulo ake ndinapezanso kuti mayina okopedwa kuchokera mu Word amabwera ndi nkhodolero yopindika ija, imene kwa kompyuta ndi chizindikiro china, chosiyana ndi yowongoka ya pa kiyibodi. Ndinakonza kuti zonse zizisanduka zowongoka dzina lisanasungidwe.

Lachisanu panatuluka zina ziwiri. Manambala a foni oyamba ndi +265 ankafika opanda +, chifukwa mu adiresi ya pa intaneti chizindikirochi chimawerengedwa ngati mpata pokhapokha chitalembedwa kuti %2B. Vuto limenelo linatha m'mphindi zochepa. Lovuta linali la ŵ, chilembo chimene ena amalembabe m'mayina awo ndi m'mawu akuti Malaŵi. Tebulo la mamembala mu database linapangidwa mu latin1, mndandanda wa zilembo momwe chilembochi mulibe, ndipo database yathu ya MySQL inakhala ikuika ? m'malo mwake. Ndinasamutsira tebulolo ku utf8mb4, mndandanda wina momwe ŵ alimo, nditayamba ndasunga kope lake pambali, koma zilembo zimene zinatayika kale sizingabwezedwe ndi lamulo lililonse. Ndinasindikiza mndandanda wa mayina onse okhala ndi ? pakati, ndipo Lolemba likubwerali ine ndi mayi aja tidzatsegula kabati ya mafomu kuti tiwakonze limodzilimodzi.