Za Graham zija zandilowa tsopano

Anzanga a informatika, umboni uja woti list scheduling (kugawa ntchito motsatira mndandanda, iliyonse kwa prosesa amene wayamba kumasuka) sipitirira kawiri nthawi ya ndondomeko yabwino koposa wandilowa, ndipo ndi waufupi moti mtima ukuchita kundiwawa kuti tinkavutikira chani. Zoti makespan ndi nthawi imene ntchito zonse zathera komanso zoti kupeza yaifupi koposa ndi NP-hard (palibe njira yachangu yodziwika) ngakhale pa maprosesa 2 okha sindibwerezanso, mukuzidziwa kale.

Nkhani yonse yagona pa ntchito imene yatha pomalizira penipeni, zinazo zisiyeni kaye. Inayamba nthawi yanji? Inapita kwa prosesa amene anayambirira kumasuka, kutanthauza kuti mpaka nthawi imeneyo anzake onse anali bize, ndiye nthawi yoyambirayo singapose avereji ya katundu yense pa prosesa aliyense, ndipo ndondomeko yabwino koposa nayonso singatsike pansi pa averejiyo, komanso singafupike kuposa ntchito yomweyo. Phatikizani ziwirizi, simupitirira kawiri. Mukawerengera bwino ndi 2 − 1/m, pomwe m ndi chiwerengero cha maprosesa, zimene Ronald Graham anapeza mu 1966 ali ku Bell Labs. Basi!

Yesani nokha: maprosesa 3, tintchito 6 ta mphindi 1, kenako chintchito cha mphindi 3 kumapeto. Mumaliza pa 5 pomwe zikanatheka pa 3. Zili ngati pachigayo ku Ulongwe, munthu wa matumba ambiri akafika mochedwa makina enawo amangokhala duu kudikira kuti amalize.

Ndiye LPT (Longest Processing Time) yandigwira mtima, ndi list scheduling yomweyo koma ingosanjani ntchito kuyambira zazitali, timitsotso tidzatseka mipata. Graham yemweyo mu 1969 anaonetsa kuti sipitirira 4/3 − 1/(3m). Inde imaphonya, pa maprosesa 2 ntchito za 3, 3, 2, 2, 2 ikupatsani 7 m'malo mwa 6, koma kuphonya kwanji kumeneko? Njira zina zophonya pang'ono kuposa apa, MULTIFIT ya 1978 ndi PTAS ya Hochbaum ndi Shmoys ya 1987, kwa ine ndi zokometsera pepala, ine LPT ndi sort imodzi ndathana nazo, wotsutsa atsutse.

Chondinyansa nchakuti aphunzitsi anathamanga nazo ngati akuthamangira chapa (minibasi) yomaliza, akulankhula Chipwitikizi, masilaidi ali m'Chingelezi, mutu ukuganiza m'Chichewa, ukakweza dzanja akuti nthawi yatha tidzaona sabata yamawa, sabata yamawayo ndi ya teste. Bwanji osangojambula timabokosi pa bolodi nkuloza kantchito komalizako?

Pomwe ndakakamira ndi ntchito zodikirana, ina singayambe inzake isanathe. Pamenepo kuwonjezera prosesa kapena kufupikitsa ntchito kutha kutalikitsa makespan ya list scheduling, chitsanzo ndachitsatira ndi pensulo chikutulukadi, koma mutu ukukanabe. Malire a 2 − 1/m amagwirabe, kungoti ntchito yomaliza payokha sikwaniranso, umayenera kubwerera chambuyo kutsata unyolo wa zodikiranazo, ndipo apa kaya ndamvetsa kapena ndangoloweza, kaya.