Sabata imene kunagwa chizimalupsa ku Dwangwa

Chizimalupsa chinagwa usiku wa Lamulungu, ndipo pofika Lolemba m'mawa foni yanga inali italira kale kawiri. Woyamba kuimba anali mphunzitsi wamkulu wa sukulu ina ya pulayimale kufupi ndi Dwangwa, yemwe anandiuza kuti ana angapo a Sitandade 4 ndi 5 sanabwere, ndipo ena amene anabwera ankangosuzumira kumwamba pawindo. Wachiwiri anali mayi wina wa m'gulu la amayi limene ndimakumana nalo, amene anangoti, "Alangizi, kuno sitinagone, ana anali atamanga kale katundu." Kwa alimi ambiri mvula yoyambayi imawakumbutsa kunola makasu, koma kwa mabanja amene anaona mtsinje wa Dwangwa ukusefukira kumapeto kwa February 2024, n'kugwetsa nyumba m'dera la Mfumu Yaikulu Kanyenda ndi kuthamangitsira anthu zikwizikwi m'misasa, phokoso la mvula pamalata limadzutsa zinthu zina.

Ntchito yanga ndi ya ulangizi wa zamaganizo, ndipo ndimanyamukira pa Nkhotakota boma kupita m'madera a kumpoto kudzera mumsewu wa M5. Tsiku la Lolemba linathera panjira chifukwa mafuta a galimoto ankasowa ndipo maminibasi anali ochepa. M'chikwama changa simukhala jakisoni kapena mapiritsi, mumakhala mapepala, makrayoni, makala olembera ndi dongo la pachulu lokulunga m'jumbo kuti lisaume. Dzina loti mlangizi limandipinga pang'ono, pakuti kwathu kuno munthu akamva za mlangizi amayembekezera zimene ankhoswe kapena anankungwi amachita, ndiko kumukhazika pansi n'kumuuza chochita. Ntchito imeneyo ili ndi malo ake ndipo ndimailemekeza, koma yanga ndi yothandiza munthu kutulutsa chimene chamutsamwa mumtima, kuti iye mwini ayambe kuona potulukira.

Lachiwiri, maphunziro atatha, ndinakhala ndi ana 14 m'kalasi yopanda madesiki, tonse pasimenti. Tinagwiritsa ntchito njira yotchedwa Mtengo wa Moyo, imene Ncazelo Ncube wa ku Zimbabwe anaikonza pamodzi ndi David Denborough wa ku Australia mu 2006, pofuna kuthandiza ana amene makolo awo anamwalira ndi Edzi. Mwana amajambula mtengo wake: mizu ndi kumene anachokera ndi mtundu wake, nthaka ndi moyo wake wa tsiku ndi tsiku, thunthu ndi luso limene ali nalo, nthambi ndi zimene akulakalaka, masamba ndi anthu amene amamukonda, amoyo ndi omwalira omwe, ndipo zipatso ndi mphatso zimene analandira kwa ena. Zonsezi zikatha m'pamene timakamba za mphepo zamkuntho zimene zimagwedeza mitengo. Dongosolo limeneli lili ndi chifukwa chake, ndipo anthu a kunyanja kuno savutika kulimvetsa: mwana amene ali m'madzi momwe muli ng'ona simumufunsa kuti ng'onayo ndi yaikulu bwanji, mumayamba mwamukokera kumtunda.

Mnyamata wina wa zaka 11 anajambula mtengo wa nthambi zambiri koma wopanda tsamba ngakhale limodzi, kenako anatenga khala n'kudetsa pepala lonse mozungulira mtengowo, mpaka zala zake zinada bii. Mphunzitsi wa kalasiyo, mayi wachikondi amene amawadziwa bwino anawa, anandinong'oneza kuti, "Taonani mtengo wouma uwo, mwanayu wataya mtima." Ndinawapempha kuti tidikire kaye. Ndinasendera pafupi ndi mnyamatayo, ndinayang'ana pepala osati nkhope yake, ndipo ndinati, "Mwanawe, tandiuza za mtengo wakowu." Anakhala chete kanthawi ndithu, kenako anayankha motsitsa mawu kuti, "Si wouma ayi. Ndi mtengo wa mango wa kwa agogo, umene tinakwera tsiku la madzi. Masamba sindinawaone chifukwa kunali mdima."

Kuda kuja sikunali kutaya mtima, unali usiku umene iye anauona ndi maso ake. Ndiye anatola krayoni lofiira n'kuzunguliza kamzere pa nthambi imodzi, ndipo anati chimenecho ndi chitenje chimene amayi ake anamangira mlongo wake wamng'ono kunthambi kuti asagwe akasinza. Ndinamufunsa kuti iye ankatani usiku wonsewo, ndipo anati ankamuimbira mlongo wakeyo nyimbo za ku Sande sukulu kuti asalire. Chichokereni kumsasa anali asanauzeko aliyense zimenezi. Titamata mitengo yonse pakhoma kuti ikhale nkhalango, ndipo ana atayamba kulemberana mawu abwino pa mitengo ya anzawo, mtsikana wina analemba pa thunthu la mtengo uja kuti "wosamala mlongo wake".

Chimene ndimatsindika kwambiri ndikamaphunzitsa aphunzitsi ndi anthu odzipereka ndi chimenechi: chithunzi cha mwana sichimasuliridwa ngati maloto. Palibe buku limene linganene kuti mtundu wakuda ukutanthauza chakuti, kapena kuti nyumba yopanda chitseko ikuulula chakuti, ndipo wamkulu akathamangira kumasulira amatseka pakamwa pa mwana, chifukwa mwana woleredwa bwino kwathu kuno satsutsa wamkulu. Ubwino wa pepala ndi wakuti limakhala pakati pa anthu awirinu. Mwana amene anaphunzitsidwa kuti kuyang'ana wamkulu m'maso ndi mwano amapeza poika maso ake, ndipo amatha kunena za mtengo zinthu zimene sakanazinena za iye mwini.

Lachitatu ndinayendera makomo atatu. Kwa mnyamata uja ndinapeza amayi ake ali odandaula kuti wayambanso kukodza pogona, ndipo bambo ake ankaganiza zomukwapula kuti asiye ulesi. Ndinawafotokozera kuti mwana amene anachita mantha aakulu amatha kubwerera ku zizolowezi za ukhanda, kuti chikwapu chimangowonjezera manthawo, ndiponso kuti mvula ikayamba usiku amuuze mosabisa kumene banja lidzathawire madzi akadzabweranso. Bamboyo sanayankhe zambiri, koma anandiperekeza mpaka pamsewu.

Lachinayi ndinali ndi amayi 9 pansi pa mtengo kuseri kwa chipatala chaching'ono, atangotuluka ku sikelo ya ana. Agogo ena anandifunsapo kuti zoimbaimba ndi zojambulajambulazi si zachizungu kodi. N'zoona kuti dzina la chithandizo chodzera m'zojambula linachokera ku Britain, kumene wojambula Adrian Hill anayamba kuligwiritsa ntchito mu 1942, ataona kuti kujambula kunkamupepuza mtima pamene ankachira matenda a TB. Koma amayi athu sanadikire Adrian Hill. Pamtondo mkazi ankaimba za mwamuna wothera ndalama ku mowa, za apongozi ovuta, za mkazi mnzake wa pamitala, anzake n'kumavomera, ndipo uthenga unkafika kwa mwini wake popanda wotchulidwa dzina. Chigayo chinawapumitsa amayi thukuta, ndipo zimenezo n'zabwino, koma chinawalandanso bwalo limenelo. N'chifukwa chake pagulu lathu timatenga kaimbidwe ka chioda kamene aliyense amakadziwa, ndipo mayi aliyense amaikamo mzere wake. Wina anaimba kuti madzi anatenga mbale zake koma ngongole ya banki m'khonde anaisiya, ndipo anzake anavomera mwamphamvu moti zinaonekeratu kuti katunduyo si wa munthu mmodzi.

Mayi mmodzi wachitsikana sanaombe m'manja, ndipo khanda limene anabereka kumbuyo litayamba kulira sanaligwedeze n'komwe. Gulu litabalalika ndinamupempha kuti titsalire. Anthu sabwera kwa ine n'kunena kuti ali ndi matenda a maganizo; amati mutu ukuwawa, mtima ukuthamanga, tulo sitikubwera, kapena "ndikuganiza kwambiri". Ku Zimbabwe mawu ake ndi kufungisisa, ndipo Dr Dixon Chibanda atayambitsa Friendship Bench ku Harare mu 2006, n'kuphunzitsa agogo aakazi kumvetsera anthu pabenchi kunja kwa chipatala, anayambira pa mawu omwewo amene anthu amalankhula. Ndinamufunsa mafunso 9 a pafomu ya PHQ-9, amene amafufuza mmene munthu wakhalira m'masabata awiri apitawo, ndipo funso lomaliza ndinalifunsa mosazungulira: "Amayi, kodi pamakhala nthawi imene mumaganiza kuti bola kufa, kapena kudzivulaza?" Anthu ambiri amaopa kuti kufunsa motero n'kumupatsa munthu nzeru yoipa, koma sizili choncho, ndipo kawirikawiri munthu amapepukidwa kuti wina wafunsa. Anayang'ana pansi n'kunena kuti, "Eya, makamaka mbandakucha."

Pamenepo nyimbo siikwananso, ndipo mlangizi amene sadziwa malire a luso lake akhoza kutayitsa moyo wa munthu. Iye atavomera, tinaitana mkulu wake amene amakhala naye pafupi, tinagwirizana kuti mankhwala oopsa a kumunda achoke m'nyumbamo ndiponso kuti asamagone yekha, kenako ndinalemba kalata yomutumiza kwa namwino wa zamaganizo ku chipatala chachikulu cha boma. Mkulu wakeyo anachita mantha poganiza kuti m'bale wake akupita ku Zomba Mental Hospital, ndipo zinatenga nthawi kumutsimikizira kuti matenda ovutika maganizo si misala, kuti amayi ambiri amawadwala akangobereka, ndiponso kuti ambiri amachira ali kwawo komwe. Ine ndidzapitiriza kukumana naye kasanu, kamodzi pa sabata, motsatira njira ya Problem Management Plus imene bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linatulutsa mu 2016, yomwe imaphunzitsa kupuma pang'onopang'ono, kugawa vuto lalikulu m'tizidutswa tothekera, kubwerera ku ntchito zing'onozing'ono ndi kuyandikiranso abale.

Amuna ndiwo amandisowetsa tulo, chifukwa malipoti apolisi chaka ndi chaka amaonetsa kuti ambiri mwa anthu odzipha m'dziko muno ndi amuna, pamene pagulu la uphungu sabwera, poti mwamuna salira. Choncho Lachisanu masana tinawatsatira kugombe, kumene asodzi ankasoka maukonde ndi kusewera bawo. Achinyamata athu anachita sewero la msodzi amene anatenga katapila kuti agule ukonde, usipa n'kusowa, mwini ndalama n'kumabwera tsiku ndi tsiku. Motsatira njira ya Augusto Boal, katswiri wa zisudzo wa ku Brazil, tinaimitsa seweroli pamene zinthu zafika poipa, n'kufunsa oonerera kuti ndani angalowe m'malo mwa mnzake wa msodziyo. Panapita nthawi anthu akungoseka ndi kukankhana, mpaka bambo wina wachikulire anaika singano yake ya ukonde pansi, analowa m'bwalo, ndipo anagwira wosewerayo paphewa n'kunena kuti, "Achimwene, takhalani pansi kaye, tiiwerengere limodzi ngongoleyo." Gombe lonse linati zii. Tikumanga katundu, amuna awiri anabwera payekhapayekha kudzafunsa kuti ndimapezeka liti, aliyense akuti akufunsira mnzake, ndipo ndinawauza tsiku ndi malo osawafunsa zambiri.

Loweruka ndinalemba lipoti. Otithandiza ndi ndalama amafuna manambala ndi zithunzi. Manambala ndimawapatsa, koma zojambula za ana sindizijambula pafoni, chifukwa zili ngati mawu amene munthu wandiuza mwachinsinsi. Ndinalankhulanso kwa ola lathunthu ndi mkulu amene amayang'anira ntchito yanga, pakuti nkhani ya mayi wa Lachinayi uja inali isanandichoke mumtima, ndipo mlangizi nayenso amafunika womumvetsera. Ndikusanja mapepala ndinapeza mtengo wa mango uja, umene mwini wake anandipempha kuti ndimusungire mpaka Lachiwiri likudzali. Anati akufuna kudzaikapo masamba, koma ayambe wapita kwa agogo kukauona mtengowo masana, popeza chichitikireni madzi aja sanafikekonso. Krayoni lobiriwira la m'bokosi lathu linatha ndi mitengo ya anzake, choncho madzulo ndinatsikira kumsika kukagula paketi ina.