Lipoti la ulendo wa ku Senga Bay: pomwe ophunzira abstract algebra timapunthwa

Ife ophunzira masamu a chaka chachitatu tinanyamuka ku Zomba Lachisanu m'mawa, kudzera ku Liwonde ndi ku Balaka, n'kugwira msewu wa M5 mpaka ku Salima. Anzathu a ku yunivesite ina ya kumpoto anatsikira ku Nkhotakota. Tinakumana ku Senga Bay, makilomita pafupifupi 20 kuchokera pa boma, kuti tisinkhesinkhe limodzi mafunso a abstract algebra mayeso asanafike. Mwera unkawomba ndithu, choncho bolodi tinalilowetsa m'nyumba.

Funso loyamba lomwe linatigawanitsa. Mu group ya S3 (njira zonse zosinthanitsira malo a zinthu zitatu), yomwe ili ndi ma element 6, tinauzidwa kuchulukitsa (1 2) ndi (1 3), kutanthauza kusinthanitsa 1 ndi 2 komanso 1 ndi 3 motsatizana. Ife tinapeza (1 3 2), anzathu anapeza (1 2 3). Palibe amene analakwa. Ife timawerenga kuchokera kumanja kupita kumanzere, iwo amayambira kumanzere, ndipo mabuku nawonso amasiyana pamenepa. Adokotala a masamu amene anatiperekeza anaika zotsekera mabotolo zitatu patebulo, n'kuzilemba 1, 2, 3, n'kuuza aliyense kuti azisinthanitse ndi manja ake m'njira ziwiri zonsezo. Langizo lawo linali lakuti pamayeso munthu azilemba pamwamba pa yankho njira yomwe akutsata, asaisinthe mpaka kumapeto.

S3 yemweyo anatithandiza pa nkhani ya normal subgroup, pomwe ambiri timangoloweza tanthauzo. Tengani subgroup H (group yaing'ono m'kati mwa S3) wokhala ndi e, element yosasintha kanthu, ndi (1 2). Mwa kuwerenga kwathu, (1 3)H ali ndi (1 3) ndi (1 2 3), pomwe H(1 3) ali ndi (1 3) ndi (1 3 2). Magulu awiriwa, otchedwa ma coset, si amodzi, choncho H si normal, ndipo simungamange quotient group pa iye. Mukaumirira, yankho la kuchulukitsa ma coset limasintha malinga ndi element yomwe mwasankha kuti iimire coset. Ndani angaone zimenezi asanazilembe yekha papepala?

Loweruka lonse m'mawa linathera pa Lagrange. Theorem yake imati order (chiwerengero cha ma element) ya subgroup imagawa order ya group popanda yotsala. Ambiri amaitembenuza n'kuganiza kuti nambala iliyonse yogawa order ili ndi subgroup yake. Si choncho ayi. Group ya A4, yomwe ndi theka la njira zosinthanitsira zinthu zinayi, ili ndi ma element 12, koma ilibe subgroup ya order 6. Umboni wake ndi waufupi, ndipo kwa ine ndi umene unakoma koposa pa ulendo wonsewu. Subgroup yotero ikanakhalapo ikanakhala theka la group, choncho ikanakhala normal, ndipo g² ikanagwera m'kati mwake pa g aliyense. Koma 3-cycle iliyonse, monga (1 2 3), ndi sikweya ya 3-cycle inzake, ndipo mu A4 zilipo 8. Zinthu 8 sizingakwane m'malo a zinthu 6.

Chomwe chimatsimikizika ndi chija anaonetsa Ludwig Sylow wa ku Norway mu 1872, chokhudza ma subgroup omwe order yake ndi prime kapena prime yodzichulukitsa yokha. Tinayesera pa group ya order 15. Chiwerengero cha ma subgroup a order 5 chiyenera kugawa 3 komanso kusiya 1 mukachigawa ndi 5, ndiye ndi 1 basi. Cha order 3 chiyenera kugawa 5 ndi kusiya 1 mukachigawa ndi 3. 5 amasiya 2, ndiye nachonso ndi 1. Onse awiri ndi normal, amangokumana pa e, choncho group iliyonse ya order 15 ndi cyclic, kutanthauza kuti imapangidwa ndi element imodzi yodzichulukitsa yokha. Olephera pano amakhala atayesa lamulo limodzi n'kuiwala linzake.

Titadya nsima ya chambo tinalowa ma ring. Mu Z12, momwe timangosunga yotsala tikagawa ndi 12, 3 kuchulukitsa ndi 4 ndi 0, choncho kufafaniza nambala mbali zonse ziwiri monga tinazolowera ku sekondale sikuloledwa. Mu Z7 n'kololedwa pa nambala iliyonse yosakhala 0, chifukwa 7 ndi prime. Mnzathu wina wa kumpoto anafunsa kuti, "Nanga adokotala, field ya ma element 4 si Z4?" Anamuyankha kuti, "Achimwene, chulukitsani 2 ndi 2 m'menemo, mupeza chiyani?" Ndi 0. Field imeneyo imamangidwa pa Z2 pogwiritsa ntchito x² + x + 1, yomwe ilibe root mu Z2: mukaika 0 mupeza 1, mukaika 1 mupezanso 1.

Nthawi inatichepera pa za Galois, mnyamata wa ku France amene anamwalira mu 1832 ali ndi zaka 20. Tinagawana ntchito yobwerera nayo: kuonetsa kuti Galois group ya x⁵ − 6x + 3 ndi S5. Ife tionetsa ndi lamulo la Eisenstein, potenga prime 3, kuti x⁵ − 6x + 3 siiphwanyika pa ma rational number. Anzathu aonetsa kuti ili ndi ma real root atatu okha. Mbali ziwirizi tidzaziphatikiza iwo akadzabwera ku Zomba.