Ulendo wachinayi ndi ka-strobe kanga: madontho oyera ayamba kuchepa

Lero ndalowanso pansi pa madzi ndi ka-strobe kanga (kanyali kothwanima kounikira pojambula zithunzi), ulendo wachinayi chikagulireni. Mwa zithunzi 80 zomwe ndajambula, 6 zandikhutiritsa, ndipo ndakondwa kwambiri chifukwa maulendo atatu apitawo ndinkabwera chimanjamanja.

Ndinakagula chifukwa cha mitundu. Madzi amameza kuwala kofiira msanga, moti ukangotsika mamita 5 chofiira chimakhala chazilala, zonse n'kumangooneka zabuluu kapena zobiriwira. Strobe imabwezeretsa mitunduyo, koma kwa chinthu chapafupi chokha, chifukwa kuwala kumayenda kawiri m'madzimo: kupita kwa nsomba, kenako kubwerera ku lenzi. Ukatalikira kupitirira mita imodzi, kanthu kakang'ono ngati kangaka sikathandizanso kwenikweni.

Chomwe chinkandisowetsa mtendere ndi madontho oyera. Chithunzi chilichonse chinkangoti mbuu, ngati wina wawaza fumbi. Ndinkaganiza kuti mphamvu yachepa, ndiye ndinkangoiwonjezera, madonthowo n'kumachulukirachulukira. Chonsecho vuto linali malo omwe ndinkaika strobe. Inali pafupi kwambiri ndi lenzi, n'kumaunikira tizinyalala tonse toyandama pakati pa ine ndi nsomba. Lero ndatambasula mkono wake, ndaibweza kumbuyo pang'ono kwa lenzi, n'kuilozetsa chakunja kuti nsomba ikhudzidwe ndi kuwala kwa m'mphepete kokha. Madzi apakatiwo atsala mumdima, ndipo tizinyalala tambiri sitinaoneke.

Palinso china chomwe ndachimvetsa mochedwa. Ukavala magalasi pansi pa madzi, chinthu chimaoneka chapafupi kuposa pomwe chili. Ndiye kuti nthawi yonseyi ndinkaunikira madzi opanda kanthu kutsogolo kwa nsomba. Tsopano ndikulozetsa kuseri pang'ono kwa pomwe maso akundiuza.

Pa kamera ndinaika ISO 200 (momwe kamera imamvera kuwala), f/8 (kukula kwa chibowo cha lenzi) ndi 1/125 ya sekondi (nthawi yomwe kamera imatseguka kuti kuwala kulowe), strobe pa theka la mphamvu. Nditafuna kuti madzi akumbuyo ade, ndinangopita pa 1/200, nsomba osasintha kuwala kwake. Chithunzi chomwe ndachikonda ndi cha kansomba komwe kanasuzumira pamng'alu wa mwala. Mamba ake akuoneka limodzilimodzi, ndi kamzere kofiirira m'mphepete mwa chipsepse, komwe ndi maso sindinakaone n'komwe.

Ndisanalowe m'madzi ndinapeza tsitsi limodzi litagona pa O-ring (mphira yozungulira yotchinga madzi) ya chitseko cha mabatire. Mtima unagunda, poti tsitsi limodzi lomwelo n'lokwanira kulowetsa madzi. Ndinachotsa mphirayo, kuipukuta, kupaka girizi pang'ono n'kuibwezera.

Chomwe chatsala ndi mthunzi. Strobe imodzi ikusiya mbali ina ya nsomba ili bii. Ulendo wotsatira ndikaikweza pamwamba pa kamera ndi kuvalika diffuser (kachivundikiro kofewetsa kuwala), ndikaone ngati mthunziwo ungagwere pansi.