Ndinalola simenti, n'kukana kachipinda kapadenga

Sabata yathayi aphunzitsi athu a phunziro la kuteteza nyumba zakale anatipatsa mafayilo atatu aliyense, n'kutiuza kuti tiyerekeze kuti ndife a komiti yomwe imaunika mapempho osintha nyumba m'dera lakale lotetezedwa ndi lamulo. Mapemphowo anali ongopeka, koma zonse zinalimo: zithunzi, mapulani, kalata ya mwini nyumba. Woyamba ankafuna kuchotsa mawindo a matabwa kuti aikepo a pulasitiki. Wachiwiri ankafuna kumata simenti m'mizere ya pakati pa njerwa, poti matope akale anali atayamba kuyoyoka. Wachitatu ankafuna kumanga kachipinda pamwamba pa denga.

Ine sindinachedwe nazo. Wa simenti ndinamulola, ndinati uyu akukonza, sakugumula kanthu. Wa kachipinda ndinamukana, poti nyumba yakale siionjezeredwa mutu wina. Za mawindo ndinalemba kuti bola aoneke oyera ngati akalewo. Mawa lake m'kalasi ndinazindikira kuti ndinali nditazondotsa zonse.

Ya simenti ndi imene yandikhala kwambiri m'mutu. Nyumba zambiri zakale za njerwa zinamangidwa ndi matope a laimu. Laimu ndi wofewa kuposa njerwa, ndipo amisiri amati amapuma: chinyezi chikalowa m'khoma chimatulukira m'mizere ija. Mizere ikamayoyoka patapita zaka zambiri, ndiye kuti yagwira ntchito yake, yatha iyo kuti njerwa zisathe. Tsono ukamatamo simenti yolimba, madzi amasowa potulukira n'kumadutsa m'njerwa momwemo. Mchere umaunjikana pansi pa khungu la njerwa, ndipo kumayiko ozizira madziwo amaundana n'kufufuma, njerwa n'kuyamba kusendeka. Aphunzitsi anationetsa chithunzi cha khoma lotere: mizere ya simenti ili chilili, njerwa zitakumbika ngati zisa za njuchi. Choipa china n'chakuti simenti ikagwira, kuichotsa kumabenthula m'mbali mwa njerwa. Pempho limene ine ndinaliona ngati laling'ono ndi limene likanavulaza nyumbayo mosabwezeka, ndipo ndinalisayinira ndi mtima woyera.

Kachipinda kaja, nditayang'anitsitsa mapulani, kanali kobwerera m'mbuyo kutali ndi khoma lakutsogolo, kopangidwa ndi zipangizo zopepuka, koti tsiku lina munthu akhoza kukaphwasula denga n'kukhala monga linalili. Woima mumsewu sakanakaona. Ku New York, ofuna kumanga padenga amauzidwa kaye kuti aimike mitengo kapena mapaipi osonyeza msinkhu wa chomwe akufuna kumangacho, kenako a komiti amayendayenda m'misewu yozungulira n'kumayang'ana ngati chikuoneka. Ine ndinakana osadzifunsa n'komwe kuti chikaonekera pati.

Ndikudziwa komwe maganizo angawo anachokera. Nkhani zimene timayamba kuwerenga m'phunziroli ndi zikuluzikulu zokhazokha. Mzinda wa Charleston ku America unakhazikitsa dera lotetezedwa mu 1931, ndi komiti yake younika zomangamanga. Dziko la France linapanga lamulo loteteza madera athunthu a m'mizinda mu 1962, Britain mu 1967. Ku New York anayamba kugumula siteshoni ya sitima ya Pennsylvania mu 1963, anthu anadandaula kwambiri, ndipo mu 1965 mzindawo unakhazikitsa lamulo loteteza nyumba zakale. Eni siteshoni ya Grand Central atakanizidwa kumanga nyumba yaitali ya maofesi pamwamba pake, mlandu unakafika ku Khoti Lalikulu la dzikolo, lomwe mu 1978 linagamula mokomera mzinda. Bungwe la UNESCO linachotsa chigwa cha Elbe ku Dresden, m'dziko la Germany, pa mndandanda wa malo achikhalidwe a dziko lonse mu 2009 chifukwa cha mlatho watsopano, ndipo Liverpool ya ku Britain inachotsedwa mu 2021 chifukwa cha zomangamanga za kudoko. Ukawerenga izi umayamba kuganiza kuti ntchito ya komiti ndi kuima pakhomo ndi chibonga, kudikira aliyense wofuna kumanga chachitali.

Koma mafayilo amene amadzaza tebulo la komiti ndi a mawindo, zitseko, utoto, zikwangwani za masitolo, mipanda. Ndipo dera lakale limatha pang'onopang'ono kudzera m'zimenezi. Windo limodzi la pulasitiki silipha msewu. Vuto ndi loti ukalola mmodzi, woyandikana naye amabwera ndi chithunzi n'kufunsa kuti nanga uyu munamulola bwanji. Pakatha zaka khumi nyumba zonse zilipo, palibe yomwe yagumulidwa, koma msewu suli uja. Mafelemu a pulasitiki amakhala onenepa, galasi limachepa, timizere togawa galasi timakhala tongomata pamwamba, ndipo nkhope ya nyumba imaphwatalala. Chonsecho windo la matabwa nthawi zambiri limaola kumunsi kokha, komwe madzi amakhazikika, ndipo kalipentala wodziwa ntchito amadula poola n'kulumikiza thabwa latsopano.

Apa ndiyenera kunena kuti mwini nyumba wofuna kusintha mawindo uja ndimamumvetsa. Kalata yake inali yodandaula za mphepo yolowa m'mipata ndi ndalama zotenthetsera nyumba, ndipo sankanama. Anthu okhala m'madera amenewa si zinthu zoonetsa alendo. Wina akufuna njira yolowera ndi njinga ya olumala, wina akufuna magetsi a dzuwa, wina banja lakula. Komiti ikamangoti ayi, ena amagwira ntchitoyo mobisa, ena amangoisiya nyumba kuti iole yokha mpaka boma linene kuti ndi yoopsa, igwetsedwe. Chikalata cha Burra cha ku Australia, chopereka malangizo a kasamalidwe ka malo akale, chomwe chinalembedwa koyamba mu 1979, chimati usinthe zonse zofunika kusintha, koma pang'ono momwe ungathere. Poyamba ndinkamva mbali yachiwiri yokhayo.

Pali mfundo imodzi yomwe mpaka pano ikundizunguza. Chikalata china cha malangizo otere, cha Venice cha 1964, chimati chatsopano chigwirizane ndi chakale, komanso chizidziwika kuti n'chatsopano, kuti tisanamize mbiri. Papepala n'zomveka. Koma ukaika mapulani awiri patebulo, ena otengera nyumba yakale mzere ndi mzere, ena a galasi ndi chitsulo, kalasi imagawanika pakati ndipo aliyense amawerenga chiganizo chomwecho pofuna kuikira kumbuyo mbali yake. Ine ndayamba kuona kuti msinkhu, kukula kwa mawindo ndi mmene atalikirana zimalemera kuposa funso loti chinthucho chikuoneka chakale kapena chamakono. Mwina mwezi wamawa ndidzanena zina.

Mafayilo aja tinauzidwa kuti tiwalembenso. Wa simenti ndamukana, koma ndamuuza chochita: matope akale ayesedwe, asakanize a laimu ofanana nawo, ayambe wamata kachigawo kakang'ono pakhoma losaonekera kuti tikaone, ndipo mizere ikumbidwe ndi manja, osati ndi makina. Wa kachipinda ndamulola akaimika kaye mitengo yoyezera. Wa mawindo ndapempha kuti windo lililonse lijambulidwe ndi kufotokozedwa palokha, otheka kukonzedwa akonzedwe, mipata itsekedwe, ndipo aike galasi lachiwiri mkati kuti mphepo isalowe. Chigamulo changa choyamba chinali cha mizere itatu. Ichi chadzaza masamba awiri.

Fayilo ya sabata ino yafika kale: mapanelo a magetsi a dzuwa, pa denga lomwe mbali yake yolandira dzuwa ndi yomweyo yoyang'ana kumsewu.