Chadzunda wandimasulira zomwe zinakanika m'kalasi

Mtima wakhala pansi tsopano. Phunziro la performance art, luso lomwe mwini wake amalichita ndi thupi lake anthu akuonerera, lija linkandiwawitsa mutu lalowa, ndipo lalowera pabwalo la gule wamkulu kwathu ku Angónia, m'Mozambique, osati m'kalasi.

Anzanga a makala ndi penti mukudziwa matenda athu: timakhulupirira chokhacho chimene tingachikoloweke pakhoma. Aphunzitsi atationetsa chithunzi cha Marina Abramović, katswiri wa lusoli, ali pampando ku MoMA, nyumba yoonetsera zaluso ku New York, mu 2010, akungoyang'anizana ndi aliyense wodzakhala patsogolo pake, ndinati luso lili pati apa? Mayi wa diresi lofiira, basi.

Ndiye kunali bona kufupi ndi Ulongwe, anthu atakolola. Ine sindinagule njira, za kudambwe sindizikhudza, ndikunena zomwe maso a aliyense amaona. Chadzunda, gule wa nkhope ya nkhalamba, anatulukira akutsimphina, msana uli wopindika, nkhope yakuda yamakwinya itazolika. Ng'oma ya mbalule itasintha kaliridwe, mkulu uja anadzuka, napalasa fumbi, amayi oimba n'kubwerera m'mbuyo akukuwa. Nkhope ndi imodzi yomweyo, siinasinthe khwinya ngakhale limodzi. Koma itazolika inali yotopa, itadzuka inali yaukali, itapendekera kwa amayi inkachita ngati ikuseka. Chinkaipenta ndi khosi, ng'oma, ndi anthu othawa aja.

Mfundo yake ndi imeneyi, ndipo ndikungoibwereza ndekhandekha: ntchitoyo ndi nthawi ija ikuchitika, oonera ali m'kati mwake. Chithunzi ndi phulusa chabe, moto unayaka kale. Nkhope za gule zomwe zili ku Chamare Museum ku Mua, m'Malawi, ndinazijambulapo bwinobwino, mithunzi yonse ili m'malo, koma pepala langa linagwira theka lokha. N'chifukwa chakenso Abramović mu 1974 ku Naples anaika zinthu 72 patebulo, duwa, lumo, mfuti, naimirira maola 6 kuti anthu amuchite zomwe afuna. Popanda manja a anthuwo panalibe choona.

Njira yomwe yandithandiza ndi kujambula osayang'ana papepala. Ndimakhala pamsika, maso ali pa mayi wotula thumba la kachewere, dzanja likungotsata phewa ndi chiuno, osaimitsa khala. Zotuluka zake n'zokhotakhota, koma kulemera kwa thumba kumaonekamo. Kunena zoona, ndikanakhala wolamula ndikanaletsa kujambula mabotolo ndi zipatso chaka choyamba chonse, aliyense azichita zimenezi zokha.

Chondinyansa n'chakuti mutu wonsewu anaupatsa tsiku limodzi, zithunzi zonse zakunja, mafotokozedwe m'Chipwitikizi cholimba, kenako mayeso. UNESCO inalengeza Gule Wamkulu mu 2005 kukhala chuma cha anthu onse, cha Mozambique, Malawi ndi Zambia, koma m'kalasimo sanautchule n'kamodzi komwe, chikhalirecho enafe ng'oma zake timazimva tili m'nyumba. Nthawi nayonso palibe, kudimba kukudikira.

Pomwe ndakodwa ndi apa. Abramović amalemba dzina lake pantchito, anthu amalipira pakhomo. Chadzunda amabwera chifukwa cha womwalira, ndipo palibe wotchulidwa dzina. Kuziika m'dengu limodzi mwina n'kuchepetsa gule, kaya. Ntchito yomaliza ya chaka ikufunika mwezi wamawa, aphunzitsi akufuna chinthu choti achigwire m'manja n'kuchonga, ndipo sindinaganize kuti ndiwapatsa chiyani.